Matailosi a Mkamwini

Cosmo City, Joni
9 Febuluwale 2025

Okondedwa Nangozo, amake Thandi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana athu, Thandi ndi Chifuniro, komanso apongozi anga. Ine kuno ndili gwa, ndikudya, ndikugona, ntchito ikuyenda.

Musadabwe kuti ndalemba papepala pomwe foni muli nayo. Foni yanuyo si yanu nokha. Uthenga wa mawu umene ndinatumiza pa Khirisimasi unamvedwa ndi mudzi wonse, mpaka mlongo wanu Goliati ndiye anandiyankha. Nkhani iyi ndi ya anthu awiri, ndiye ndapatsira Fanizo, wonyamula katundu wa a ku Joni uja, akupatseni m'manja pa Lizulu.

Khalani kaye pansi, Nangozo. Ndikugula nyumba!

A Benson, aphunzitsi opuma aja a pa boma, akugulitsa nyumba yawo, akusamukira kwa mwana wawo ku Lilongwe. Zipinda zitatu, malata, magetsi, mpope pakhomo pomwe. Chachikulu n'chakuti malowo ali ndi lizi, mapepala enieni a boma, osati malo ongokulozera ndi chala. Akufuna K24 miliyoni. Zaka zisanu ndi zitatu zimene ndakhala ndikukwawa m'nyumba za eni ake kuika matailosi zandisungira K9 miliyoni. Yotsalayo ndikatenga ku banki ina ya kumudzi komweko imene ikubwereketsa ife a kunja. Amangofuna pemiti yogwirira ntchito ndi peyisilipi yoonetsa malipiro, nyumbayo n'kukhala chikole mpaka utamaliza kubweza. Zonsezo ndili nazo ine. Tandiuzeni, pa anyamata onse a kwanuko amene ali kuno, ndani angatulutse peyisilipi m'thumba?

Mukukumbuka mtengo wa mapeyala uja? Chaka choyamba cha ukwati wathu ndinaudzala kuseri kwa nyumba, pamalo a amayi anu. Goliati anaima chapatali n'kufunsa mokweza, anthu akumva, “Alamu, kodi mukhalitsa?” Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, nanga mkamwini n'kutani. Koma mawu aja ndinawoloka nawo pa Dedza, ndinawoloka nawo pa Beitbridge, mpaka lero ndimagona nawo. Kwathu ku Kandeu malo ndi a alongo anga ndi ana awo. Kwanu ndine mlendo wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndikufuna pepala lolembedwa kuti Silvester Ndau, basi.

Lachiwiri likubwerali mukwere minibasi mukaione nyumbayo. Mukayang'ane denga ngati likudontha, mukatsegule mpope, mukaponde pansi monse. Musauze munthu, makamaka Goliati.

Fanizo akupatsani R1,500. Muyambe ndi fizi ya Thandi, yotsalayo feteleza wa kumunda kwa apongozi. Akupatsaninso mabokosi anayi a matailosi. Ndi otsala pa ntchito, abwana anandilola kutenga. Muwaimike chammbali motsamira khoma, musawagoneke, ndipo Chifuniro asakhalirepo. Wofunsa muzimuuza kuti ndi mbale.

Kageni kanu ka mbatata ya kachewere pa msika kazipitirira, kamathandiza pa mchere ndi sopo. Koma za ngongole za timagulu ta amayi tija ayi, ndinakana kale. Nkhani za banki muzisiyira ife.

Ndine wanu,
Silvester Ndau, mwininyumba wa mawa


16 Malichi 2025

Nangozo wanga,

Moni kwa inu ndi ana. Ndamva kuti Chifuniro anadwala malungo, ndathokoza Mulungu kuti wadzuka. Ine ndili bwino. Bondo lakumanja limangong'ung'udza m'mawa, koma likatenthedwa limaiwala.

Kalata yanu ndailandira. Ndaseka ndekha pomwe mwalemba kuti pansi pa nyumba ya a Benson ndi pong'aluka ngati chidendene cha mlimi. Nanga mumayesa mabokosi aja ndi a chiyani? Pansi pamenepo ndi panga. Ndayala pansi m'nyumba za madokotala ndi maloya kuno, ena osandipatsa ndi madzi akumwa omwe. Ulendo uno ndiyala pomwe ndidzapondepo ndekha.

Mapepala onse ndinatumiza: pasipoti, pemiti, mapeyisilipi, kalata ya abwana. Amene akuyendetsa nkhani yanga ku banki ndi mayi wina dzina lake Pauline. Akamaimba foni amati, “Ndikuyankhula ndi bambo Ndau?” Tsiku lina anaimba ndili pakati pa ntchito, ndinaika pa sipika dala kuti anzanga amve. Mzimbabwe wina amene timagwira naye anafunsa kuti kwanu ndiwe nduna kodi? Ndinati ayi, ndine munthu wodziwika ku banki.

A Benson ndagwirizana nawo. Ndawapatsa K1.5 miliyoni ya chigwiriro kuti asagulitse kwa wina. Atidikira mpaka pa 31 Julaye. Tikalephera, ndalamayo siibwera, ndipo pali wabizinesi wina wa ku Balaka amene akungozungulira. Musade nkhawa, mayi Pauline akuti kwangotsala kuona dzina langa ku ofesi yosunga mbiri ya angongole, mwambo chabe. Aone! Kuno ndilibe ngongole ngakhale ya buledi. Anzanga amatenga zovala pa akaunti m'masitolo, ine nsapato ndi zomwe zija munaziona m'chithunzi.

Tsopano imvani pulani. Nyumba ikatheka ndibwera ndi ankhoswe anga ochokera ku Kandeu, tidzakhale pansi ndi a kwanu, ndidzapemphe chitengwa mwaulemu wake. Ndidzapereka zonse zimene adzatchule, osanenerera ngakhale tambala. Kenako ndidzakukwezani pa lole inu, ana, ndi mitondo yanu yomwe, masana dzuwa lili pamutu, mudzi wonse ukuona. Goliati ndidzamupempha atithandize kukweza bedi.

Thandi akalowa sekondale ya pa boma chaka chino, azidzagona kwawo, osati kwa anthu.

Kunoko masiku ano aja odana ndi alendo, oyenda ndi zikwangwani, ayambanso kufunsa mapepala m'misewu. Kwathu sanafike. Musamvere za pa wailesi, amakonda kukometsa.

Ndatumiza R1,200 ndi mabokosi ena atatu. Awa ndi otuwa, aja anali oyera. Musadandaule, ndikudziwa mmene ndidzawalukire.

Wanu yemwe uja,
Silvester


20 Epulo 2025

Amake Thandi,

Moni. Ndikhulupirira Pasaka yadutsa bwino. Ine ndilipo.

Mayi Pauline anaimba Lachinayi. Ulendo uno sindinaike pa sipika, ndipo ndinachita bwino.

Akuti dzina langa lili m'gulu la anthu osabweza ngongole. Ndinati mwasokoneza, a Ndau ndi ambiri m'Malawi muno. Anandiwerengera tsiku langa lobadwa, mudzi wanu, ndi chaka, 2016. Atangotchula chakacho ndinakumbukira.

Ndi njinga ija, Nangozo.

Inu munali ku chipatala ndi Chifuniro ali wakhanda, mwina zina simunazione. Goliati ankafuna njinga yamoto ya kabaza, koma bungwe lobwereketsa ndalama lija linamukana chifukwa analibe ntchito yolembedwa. Ine nthawiyo ndinali pa sitolo ya zitsulo ija. Apongozi anabwera okha pakhomo, anakhala pamkeka, n'kunena kuti, “Bambo, mlamu wanuyu ndiye mwini mbumba, ana anuwa adzawayang'ana ndi iyeyu.” Ndikanayankha chiyani? Munthu ukudya za m'munda mwawo, ukugona pamalo awo. Ndinasaina K650,000 m'dzina langa, njinga n'kukwera iye. Pomwe ndinkanyamuka kubwera kuno anandigwira dzanja pa siteji, nati, “Alamu, pitani ndi mtima umodzi, yatsala pang'ono.” Chaka chotsatira anandiuza pa foni kuti anamaliza.

Mupite kwa Goliati. Musakalipe, mungomufunsa mofatsa ngati ali ndi lisiti yomalizira. Mwina analipiradi, a bungwewo ndiwo sanafufute. Zimachitika. Akakupatsani, muijambule bwinobwino munditumizire pa foni, musalembepo mawu alionse.

Kwa a Benson musanene kanthu. Mukakumana nawo muziti zonse zili m'chimake.

Mwezi uno ndatumiza R800 yokha. Mabokosi palibe.

Silvester


18 Meyi 2025

Nangozo,

Moni nonse kumeneko. Kuno kwayamba kuzizira, chisanu chake choposa cha pa Lizulu. Za thanzi langa musafunse, ndikuyenda.

Ndawerenga kalata yanu katatu. Ndiye Goliati akuti chiyani? “Papepalapo analemba dzina la ndani?” Asa! Munthu anakwera njinga zaka zitatu, anaigulitsa ku Mozambiki, ndalama anamwera, lero akufunsa kuti analemba dzina la ndani! Ndipo apongozi akuti nkhani za pachibale sizipita ku banki. Zinapita kale, amayi, zinafika ine ndisanafike. Mlandu suola, akulu sananame.

Ndinawaimbira a bungwe aja. Goliati analipira miyezi inayi yokha. Ndi chiwongoladzanja ndi zilango, K650,000 ija yabereka, yafika K2.1 miliyoni. Ndalipira yonse Lolemba, kuchotsa pa ndalama ya nyumba. Ndalipira chifukwa ine Silvester Ndau sindinadyepo cha munthu.

Ndinaimbira mayi Pauline ndili wonyada, ndinati ndayeretsa dzina, tiyeni tipitirize. Anati, “Mwachita bwino bambo Ndau, koma mbiri sifufutika tsiku lomwelo. Pazioneka kuti munalipira, koma pazionekanso kuti munakhala zaka zambiri osalipira. Akuluakulu athu sangavomere ngongole ya nyumba panopa. Tiyeseninso chaka chamawa.” Ndinati mayi, chaka chamawa nyumbayo mudzakhala mukugona munthu wa ku Balaka. Anangoti pepani.

Ndiye onani mmene zilili. Ya chigwiriro ili kwa a Benson, ya njinga yapita, Julaye akubwera. Usiku ndimayang'ana malata a kachipinda kanga kano n'kumadzifunsa kuti ndinalakwira ndani. Ndinathawa chikamwini ulendo wa masiku awiri pa basi, koma chinanditsatira mpaka mu kompyuta.

Kuno kuli anthu obwereketsa ndalama mwa katapila, safunsa mbiri, amangosunga pasipoti yako. Sindinapiteko. Ndangodutsako pakhomo kawiri.

Mwapempha nambala ya mayi Pauline. Mukufuna mukatani nayo? Ku banki si ku msika, Nangozo, kulibe kunenerera. Mukangopitako mukachititsidwa manyazi ndi Chingerezi, ndipo ine sindifuna mkazi wanga akagwade pamaso pa anthu chifukwa cha ine. Ndipeza njira. Mwamuna ndine.

Mukamuona Goliati musamupatse moni wanga. Ana muwauze kuti bambo ali bwino.

R900 ili kwa Fanizo.

Silvester


15 Juni 2025

Eliness,

Lero ndakutchulani dzina lanu lenileni, mudziwe kuti nkhani yakula. Moni ndapereka, ana apatseni.

Nambala ndinakukanizani, ndiye munangokwera minibasi mpaka ku Lilongwe, eti? Mayi Pauline anaimba Lachitatu, mawu ali mwaa ngati wapeza ndalama pamsewu. Anati, “Bambo Ndau, bwanji simunandiuze kuti akazi anu ndi kasitomala wathu?” Ndinati akazi a ndani? Anati, “Mayi Eliness Ngozo, a kachewere a pa Lizulu. Akaunti yawo ili ndi zaka zisanu. Atengapo ngongole kasanu ndi kamodzi, koyamba ku gulu la amayi, kenako kwa ife. Sanachedwetsepo ngakhale tsiku limodzi. Mbiri ngati imeneyi sitiiona kawirikawiri.”

Ndinakhala pansi pa thumba la simenti. Ndinati mayi, mkazi wanga amagulitsa kachewere pa ndowa. Anaseka. Anati, “Pa ndowa? Bambo, amayiwa amakweza lole kupita ku Blantyre kawiri pa mwezi.”

Lole, Eliness! Ine kuno ndikulemba kuti kageni kanu ka mchere ndi sopo, inu mukuwerenga, mukupinda kalata, mukupita kukakweza lole! Ndinakuletsani ngongole, munayankha kuti chabwino bambo. Zaka zisanu! Fanizo amene amadya nane mbale imodzi akabwera kuno ankadziwa, msika wonse unkadziwa, wosadziwa ndinali ine ndekha mwini mkazi. Ndikamatumiza R800 n'kumakulangizani kagawidwe kake, kodi munkaseka?

Ndiye mayi Pauline akuti njira ilipo. Ngongole ya nyumba ilembedwe m'dzina lanu, poti mbiri yanu ndi yoyera. Inu muwonjezera K3 miliyoni yanu pa yanga yotsala. Ndalama zimene ndimatumiza aziwerengera ngati zothandizira kubweza, ine ndingosaina kuti ndikuvomereza monga mwamuna wanu. Ndinafunsa kuti nanga pa lizi padzalembedwa dzina la ndani? Anati la wobwereka.

Ayi. Ndakana.

Mundimvetse, sindikukana inu. Koma taganizani. Ndinachoka pa nyumba ya pamalo a amayi anu kuti ndikapeze panga. Zaka zisanu ndi zitatu ndikugona m'kachipinda ka malata, kudya kamodzi, kuthawa apolisi ngakhale mapepala ndili nawo. Mapeto ake ndikalowenso m'nyumba ya mkazi? Kuchoka pa chikamwini cha dothi kukalowa chikamwini cha simenti? Goliati akadzamva adzaseka mpaka kugwa pa mpando. Adzabwera pa boma pomwepo, adzakhala pakhonde miyendo ili tambalale, n'kundifunsanso ngati ndikhalitsa. Ndipo adzakhala akunena zoona, nyumba idzakhala ya mlongo wake.

Bola ipite kwa wa ku Balaka. Chigwiriro chipite. Ndidzayambanso.

Fomu imene mayi Pauline atumiza ili pansi pa matiresi. Sindisaina.

Ndalama mwezi uno sinditumiza. Si chifukwa cha mkwiyo, pali zina. Komanso ndaona kuti simukuzisowa.

S. Ndau


6 Julaye 2025

Nangozo, mkazi wanga,

Moni. Mundikhululukire kuti masabata atatu foni yanu sindinkayankha. Ana ali bwanji? Za ine mwamva kale, poti Fanizo pakamwa pake palibe chitseko.

Inde, n'zoona. Bondo lija linatupa ngati dzungu, ku kiliniki anachotsamo madzi, anati ndisagwade mwezi wathunthu. Woika matailosi wosagwada ndi munthu wosagwira ntchito, ndipo kuno ukapanda kugwira sulandira. Lendi inandipeza ndilibe kanthu m'manja, poti ya nyumba ija ndinalumbira kuti sindiikhudza. Sindinafune mudziwe.

Lachisanu Fanizo anagogoda. Ndinayesa wabwera kudzatenga katundu wopita kumudzi, ndinati mphwanga ulendo uno palibe. Anati, “Akulu, lero ndabweretsa, sindinabwere kudzatenga.” Anatulutsa envelopu, R2,500, ndi kathumba ka ufa ndi nyemba za kwanu. Iye uja akuti chiyambireni ntchito yake sananyamulepo ndalama kuchoka ku Ntcheu kupita ku Joni, mpaka pa boda ankaona ngati walakwitsa njira.

Ndinakwiya kaye, ndisaname. Ndinati bweza. Anati mukabweze nokha, ine amayi aja ndimawaopa. Atapita ndinatsegula kakalata kanu. Mizere inayi yokha, koma yandigoneka pansi kuposa bondo.

Mwalemba kuti ngongole yoyamba munaitenga chaka chimene ndinakhala miyezi isanu osatumiza kanthu, pomwe ndinkati ntchito ikuyenda koma isakuyenda, ndipo simunandiuze kuti ndisachite manyazi. Mwalemba kuti mbewu yoyamba ya kachewere munagula ndi ndalama yanga, ndiye lole ija ndi yanganso. Ndipo mwafunsa kuti, “Pamene Goliati ankakusekani za mtengo uja, munayang'ana nkhope yanga? Inenso ndikufuna kuchoka.”

Sindinayang'ane, Nangozo. Ndinali kuyang'ana pansi. Zaka zonsezi ndimayesa kuti chilonda chija n'changa ndekha, osadziwa kuti amene amatsala naye Goliati tsiku ndi tsiku, kumupatsa ya fodya, kumva zonyoza mwamuna wake, ndinu.

Namwino wa ku kiliniki anandiuzanso mawu ena okhudza zaka zimene mawondowa atsala nazo. Tidzakambirana pamaso. Koma ndinawerengera, ndinaona kuti chaka chamawa chimene akunena a banki si changa choti ndizichidalira. Thandinso sekondale sidikira kuti dzina la bambo ake liyere.

Fomu ija ndaichotsa pansi pa matiresi. Ndasaina pamaso pa apolisi a kuno, adinda chidindo, Fanizo wanyamula. Muthamange nayo ku Lilongwe, masiku atsala ochepa. A Benson muwauze zoona zonse, ndi munthu wamkulu, amva.

Mukapita ku banki muvale chitenje chobiriwira chija ndinatumiza chaka chatha. Ndipo musakagwade, ndinalakwitsa kunena zija. Kasitomala sagwada.

Nyemba zija ndaphika, ndagawirako Mzimbabwe uja. Akuti kwanu kuli dothi.

Ndine wanu,
Silvester


3 Ogasiti 2025

Okondedwa Nangozo, amake Thandi, mwininyumba,

Moni wochokera pansi pa mtima kwa inu, ana, ndi apongozi. Ine ndadzuka, ndayambanso ntchito Lolemba. Ndagula zotchingira mawondo za siponji, anyamata akundiseka kuti ndikuoneka ngati goloboyi wa mpira. Aseke.

Chithunzi cha makiyi chinafika pa 29 ndili pa ntchito. Masiku awiri okha kuti wa ku Balaka atilande! Ndinakuwa mpaka abwana anathamanga kuyesa ndadzicheka ndi makina. Ndinawaonetsa. Ndinaonetsa Mzimbabwe, ndinaonetsa oika mapaipi, ndinaonetsa ngakhale mayi mwini nyumba imene tikukonzayo. Ndinati uyu ndi mkazi wanga, banki yamukhulupirira ndi mamiliyoni, banki yomweyo imene inandikana ine wa peyisilipi. Abwana anati, “Silvester, iwe unakwatira bwino.” Ndinati bwana, ndinasankha ndekha, popanda wondithandiza.

Za kabwezedwe tachita monga tinapangana pa foni: theka ine pa 25 mwezi uliwonse, theka lole. Tsiku lisadutse. Mbiri yanuyo tsopano ndi chuma cha banja, tiisamale kuposa mbuzi.

Ndaseka mpaka misozi ndi nkhani ya Goliati. Ndiye anabwera kudzapempha chipinda chakutsogolo kuti atsegulemo shopu? Ndipo inu munati, “Achimwene, papepalapo analemba dzina la ndani?” Ha! Nangozo, mawu amenewo ndikanalipira R500 kuti ndiwamve ndi makutu anga. Komabe musamutaye, ndi malume a ana. Akabwera muzimupatsa mpando ndi tiyi. Cholembera chokha musamupatse.

Tsopano nkhani imene mwafunsa. Mwati kumudzi sakudziwa za dzina la pa lizi, Goliati yekha ndiye mwamuuza ndipo manyazi amutseka pakamwa. Mwati tingathe kunena kuti nyumba ndagula ndine, ankhoswe anga abwere, tipemphe chitengwa, lole ibwere masana monga ndinkafunira, ndipo inu simudzatsutsa mpaka kumanda. Ndaona chikondi chimene chili m'mawu amenewo, ndipo ndalira, ndisabise. Ndi ulemu umene ndakhala ndikuulota zaka zonsezi, mwaubweretsa m'mbale.

Koma ayi, musawanamize. Dzina langa linalowapo kale pa pepala la chinthu chimene sichinali changa, ndipo taona kumene zinatifikitsa. Sindifunanso kukwera njinga ya mwini. Ankhoswe abwere ndithu, tidzatsanzike mwaulemu, apongozi tidzawathokoze ndi bulangete ndi mbuzi chifukwa anatisunga. Koma wofunsa aliyense muzimuuza kuti nyumba ndi ya Eliness Ngozo wa kachewere, ndipo mwamuna wake ndi Silvester Ndau. Akati ndine mkamwini, avomereni. Ndine mkamwini wa pa boma, wa mkazi wokweza lole. Wina aloze mkamwini woposa ameneyo m'Ntcheu monse.

Musanasamuke mutole nthangala ziwiri za mapeyala pansi pa mtengo wanga uja. Mtengowo usiyeni, adye a kwanu. Nthangalazo muziike m'zitini, Chifuniro azithirira. Kudzala ndidzadzala ndekha, ndipo inu mudzaime pafupi, ulendo uno ndidzakuyang'anani kumaso.

Fanizo wanyamula R3,000 ndi mabokosi ena asanu, a mtundu wa dothi. Onse pamodzi akwana khumi ndi awiri, oyera, otuwa ndi awa. Sakufanana, ndikudziwa, ndi zotsala za m'nyumba za anthu. Koma ndajambula kale papepala mmene ndidzawayalire, oyera pakati, otuwa m'mbali, a dothi pakhomo polowera. Munthu adzayesa tinachita kuitanitsa.

Ndifika pa 14 Disembala. Pentani makoma mtundu umene mukufuna, makatani sankhani nokha, denga likadontha itanani mmisiri, nyumba ndi yanu. Koma wina asakhudze ming'alu ija, ngakhale a Benson atakupezerani munthu wotchipa. Muzingoyala mkeka mpaka ndibwere. Mawondowa agwadira nyumba za eni ake zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ngati atsala ndi nyumba imodzi yokha, ikhale yanu.

Pansi pokha mundisiyire, Nangozo.

Ndine mkamwini wanu wokhalitsa,
Silvester Ndau